Momwe mungachotsere zinthu zokuipitsani pa Google

Yambani ndi kudzifufuza nokha. Lembani dzina lanu lonse pa Google, kenako nambala yanu ya foni. Mabwana olemba ntchito amachita zomwezi musanafike n'komwe pa intavyu. Mnzanga wina anapeza chithunzi chake pa tsamba la anthu a katapila, nambala yake ili m'munsi, atalembapo kuti ndi mbava. Ngongoleyo n'kuti atabweza kalekale.

Mukapeza zotere, musathamangire kukalipa. Jambulani tsambalo ndi foni ndipo sungani linki yake, chifukwa kulikonse komwe mungakadandaule akakufunsani umboni.

Tsopano mvetsani ichi: nkhaniyo si ya Google. Iyo imangoloza njira, ngati mwana yemwe mwamufunsa pamphambano. Choncho yambani mwalembera mwini tsambalo, mwaulemu, kuti achotse. Akachotsa koma Google n'kumaonetsabe zakalezo, fufuzani chida chotchedwa "Refresh outdated content" n'kuikamo linki ija.

Mwini tsamba akakana kapena kungokhala chete, pitani pa tsamba lothandizira la Google, mudzaze fomu yopempha kuchotsa zinthu zanu zachinsinsi. Imalandira madandaulo okhudza nambala ya chitupa, ya akaunti ya kubanki, zithunzi zamaliseche zofalitsidwa inu musanalole, ndipo kuyambira 2022 anawonjezerapo nambala ya foni ndi adiresi ya pakhomo. Akavomera, linkiyo imasiya kutuluka pofufuza, koma tsambalo limakhalapobe.

Nkhani ya m'nyuzipepala ndiye ina. Mu 2014 khoti la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya linagamula mokomera Mario Costeja González wa ku Spain, yemwe ankatopa kuona chidziwitso cha mu 1998 mu nyuzipepala ya La Vanguardia chonena za kugulitsidwa kwa nyumba yake chifukwa cha ngongole. Anapambana: khotilo linati munthu ali ndi ufulu wopempha Google kuti ichotse malinki a nkhani zotere pofufuza dzina lake, ngakhale kuti lero dziko lonse likuidziwa ngongoleyo chifukwa cha mlandu womwewo! Mu 2019 khoti lomwelo linati Google siikakamizidwa kuchotsa malinki otere kunja kwa Ulaya. Abale athu a ku Ireland ndi Britain ali nawo ufulu umenewu, koma fomu yake siitithandiza ife a ku Lilongwe.

Ine sindidandaula nazo kwenikweni. Kukanakhala kophweka, amene anamangidwa pa Cashgate ya 2013 akanakhala oyamba pamzere kukadziyeretsa. Wokongola ndalama ya feteleza ndi wakuba za boma asayezedwe ndi mlingo umodzi.

Ngati wina akukuzunzani dala pa intaneti, musathere pa Google. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa mchitidwewu, ndipo pansi pa Data Protection Act ya 2024, bungwe loona zofalitsa mauthenga la MACRA ndilo limayang'anira zoteteza zinsinsi za anthu. Tengani zithunzi zija, musindikize papepala, mupite nazo kupolisi.