Momwe mungasankhire mitundu ndi kugawana ntchito posewera Civilization VI ngati timu

Civilization VI, gemu ya pakompyuta imene wosewera aliyense amatsogolera mtundu wa anthu, kumanga mizinda ndi kupikisana ndi mitundu ina, inatuluka mu 2016, ndipo ngakhale Civilization VII inabwera mu 2025, ambiri osewera pa intaneti sanaisiyebe yakaleyi. Kusewera molimbana ndi kompyuta n'kosiyana kutali ndi kusewera atatu kulimbana ndi atatu. Chimene chimagwetsa matimu ambiri n'chakuti aliyense amathamangira mtundu umene amaukonda, kenako onse amachita zofanana: onse kumanga Campus (malo a sayansi), onse kulimbirana Pyramids, malire opanda wowayang'ana. Zili ngati anthu atatu kulima mzere umodzi munda wonse uli thengo. Nazi zoyenera kuchita.

Yambani ndi kugwirizana malamulo gemu isanatsegulidwe. Liwiro la Standard lili ndi ma turn (maulendo osewera) 500, la Online lili ndi 250, ndipo la Online ndi limene anthu apantchito angalikwanitse. Mapu nawonso muwadziwiretu, chifukwa pa Pangaea onse mumakhala pamtunda umodzi ndipo nkhondo imabwera msanga, pomwe mapu a zilumba amakomera mitundu ya panyanja ngati Norway ndi Portugal. Kambirananinso za mitundu yoletsedwa. Babylon ya Hammurabi imalandira luso lathunthu ikangopeza Eureka (mphotho imene kwa ena imangofupikitsa kafukufuku wa lusolo), n'chifukwa chake magulu ambiri amaikana. Ngati kwanuko magetsi ndi netiweki sizodalirika, yesani Play by Cloud, pomwe aliyense amasewera turn yake nthawi imene wapeza mpata.

Kenako sankhani mitundu poyang'ana ntchito zitatu: womenya nkhondo, wopanga chuma, ndi wothamangitsa sayansi. Apa ndiye pagona nkhani.

Kwa womenya nkhondo, funso ndi loti mukufuna kumenya liti. Sumer ya Gilgamesh ili ndi War-Cart, ngolo yake yankhondo, kuyambira turn yoyamba. Scythia ya Tomyris imalandira asilikali awiri apakavalo opepuka ikapanga mmodzi. Amenewa ndi ankhondo am'mamawa, ndipo akalephera kulanda kanthu nthawi yawo ikadutsa amasanduka katundu wa timu. Zulu ya Shaka imachedwerapo koma ikafika yafika: imayamba kuphatikiza magulu awiri kukhala gulu limodzi lamphamvu (corps) ikafika pa phunziro la Mercenaries, pomwe ena onse amadikira la Nationalism, limene limabwera mochedwa. Achibale athu a Chingoni sachedwa kuilozera imeneyi, ndipo sindingawatsutse. Ine ndimaiona yabwino kuposa ziwiri zija pa gemu ya timu, chifukwa imapatsa anzake nthawi yokonzekera kuidyetsa.

Wopanga chuma atenge Mali ya Mansa Musa. Mgodi uliwonse umam'patsa golide 4 wowonjezera, ndipo mumzinda wokhala ndi Suguba, msika wake wapadera, zinthu amagula motsika ndi 20 peresenti. Koma dziwani kuti Mali imamanga nyumba ndi kupanga asilikali mochedwa ndi 30 peresenti, choncho kumayambiriro ndi yofooka ndithu. Musaisiye yokha pafupi ndi mdani.

Wa sayansi atenge Korea ya Seondeok. Seowon, Campus yake yapadera, imamangidwa paphiri ndipo imapereka sayansi 4, koma district (chigawo cha mzinda cha ntchito yapadera) iliyonse imene mwaimanga moyandikana nayo imachotsapo 1. Isiyeni payokha, muizungulize ndi migodi ndi minda. Wina amene sakufuna zovuta angatenge Rome ya Trajan, imene mzinda watsopano uliwonse umabwera ndi Monument yaulere. Imakwanira pa ntchito ina iliyonse.

Gemu ikayamba, tumizani ma Scout mbali zosiyana. A timu imodzi amaona mapu limodzi, ndiye palibe chifukwa choti awiri ayende njira imodzi. Chofunika kudziwa msanga n'chakuti ndani wagundana malire ndi mdani. Mapu safunsa zimene munapangana. Mwina Korea ndi imene yagwera kutsogolo, Zulu ili kumbuyo kwenikweni. Zikatero Korea iiwale kaye Seowon yachiwiri, ipange ma Slinger atatu kapena anayi n'kuwakweza kukhala ma Archer, iike khadi la Agoge lofulumizitsa kupanga asilikali, ifulumire kuphunzira luso la Masonry kuti imange linga. Zulu nayo itumize asilikali ake oyamba kukakhala m'dziko la Korea, osati kukasaka ma barbarian kutali. Mzinda umodzi wa wasayansi ukalandidwa kumayambiriro, timu yonse imatsimphina mpaka kumapeto.

Tsopano dyetsanani. Tsamba la malonda limalola kupatsana golide, akavalo, chitsulo ndi zinthu zamtengo wapatali popanda kulandira kanthu. Mali isamaunjike golide pomwe mnzake akudikira ndalama zokwezera asilikali. Imutumizire pa turn iliyonse. Amene ali ndi chitsulo koma sakumenya nkhondo achipereke chonse. Ngati muli ndi thonje kapena khofi wopitirira mmodzi, wotsalayo apite kwa mnzanu, anthu a m'mizinda yake asangalale. Ma Trader oyamba apite kumizinda ya anzanu, chifukwa pamene adutsa pamatsala msewu, ndipo msewu umenewo ndi umene asilikali adzathamangepo tsiku la mavuto.

Musapikisane nokhanokha. Nyumba zodabwitsa ngati Pyramids zimamangidwa kamodzi pa gemu yonse, ndiye nenani mokweza amene akumanga chiyani. Ma Great Scientist asiyireni Korea. Pa city-state (mzinda woima paokha) iliyonse, mmodzi yekha ndiye aziunjikapo ma envoy (akazembe) mpaka akhale suzerain, mtsogoleri wake, zimene zimafuna osachepera atatu komanso kuposa wina aliyense. Chipembedzo chimodzi pa timu n'chokwanira, ndipo ngati wina watenga Kongo ya Mvemba a Nzinga musam'werengere, sangamange Holy Site, malo oyambitsira chipembedzo.

Chotsiriza ndi nthawi yomenya. Mukalengeza nkhondo kwa mmodzi, mwaputa timu yake yonse, ndiye musayambe anzanu asanamange malinga. Panganani turn, musonkhanitse asilikali malo amodzi, ndipo mulunjike pa wasayansi wawo, osati pa wankhondo amene wakhala akukudikirani. Oponya mivi ndi ma Catapult agumule linga, koma kumbukirani kuti iwowa salanda mzinda; wolowamo ayenera kukhala womenya pafupi, wapansi kapena wapakavalo. Musungireni mmodzi wamphumphu kumbuyo, chifukwa ambiri amagumula linga lonse kenako n'kupeza kuti wolowa anafa kale.

Mukalanda likulu la wasayansiyo, musathamangire mzinda wotsatira. Ikanimo bwanamkubwa ndi msilikali mmodzi kuti loyalty, kukhulupirika kwa anthu ake, isatsike, apo ayi mzindawo udzagalukira n'kukhala Free City, mudzaumenyerenso kachiwiri. Panthawi imeneyo Korea ikhale ikulunjika ku Spaceport, malo opambanira gemu ndi sayansi, Mali ikulipira zonse.