Ampulifaya ya machubu ikayamba kumveka motsika

Ampulifaya ya gitala ikayamba kutulutsa mawu otsika, musathamangire kugula machubu (timababu tagalasi timene timakuza mawu) atsopano. Ngati ili ndi effects loop (mabowo awiri olembedwa send ndi return, olumikizirapo zida zosinthira mawu), tengani chingwe chachifupi cha gitala, mulumikize bowo la send ndi la return. Mawu akabwerera, ndiye kuti tizitsulo ta m'bowomo, timene timadutsitsa mawu pamene mulibe chingwe, tachita dzimbiri, ndipo contact cleaner (mankhwala otsukira tizitsulo ta magetsi) amathetsa vutoli pa ndalama zochepa.

Zikapanda kusintha, zimitsani ampulifayayo, machubu azizire, kenako muzisinthanitsa machubu aang'ono otchedwa 12AX7, imodzi imodzi, ndi ina yabwino mpaka yofookayo idziwike. Mkati mokha, momwe muli mawaya, musatsegulemo, chifukwa tizida totchedwa ma capacitor tingathe kusunga magetsi oposa ma volt 400 ngakhale mutazula pulagi.