Ndalama ya upkeep ikalowa, yambani mwagula nyemba

Ndalama ya upkeep, yomwe ophunzira a ku yunivesite amalandira kuti azidzisamalira, ikangolowa, sabata yoyamba ku Chikanda mumzinda wa Zomba, komwe kumakhala ophunzira ambiri, kumangonunkhira chiwaya. Tchipisi, kanyama kootcha, botolo la zoziziritsa kukhosi. Ikamafika pakati pa semesita, m'chipinda chomwe chija mwangotsala tiyi wopanda mkaka ndi mandasi awiri, mwini wake akudandaula kuti mutu sukugwira, tulo sakupeza, aliyense akumukwiyitsa. Iye amati ndi nkhawa ya mayeso. Mwina n'zoona, koma mufunseni kaye zomwe wadya kuyambira dzulo.

Ubongo wokha umatha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse zomwe thupi limagwiritsa ntchito. Mukalowa m'kalasi ya 8 koloko mimba ili pululu, ikamati 10 koloko maso ali pa aphunzitsi koma palibe chomwe chikulowa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika dzulo, zikukwanirani. Sizifuna ndalama zambiri.

Alangizi a zakadyedwe timakamba za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Ophunzira ambiri a ku mayunivesite a UNIMA, MUBAS, LUANAR kapena Mzuni amene amadziphikira amangozungulira pa awiri, chokhutitsa ndi mafuta, n'kumadziona ngati ali bwino poti akhuta. Choncho tsiku lomwe ndalama yalowa, musanapite kwina kulikonse, gulani zosaonongeka msanga: ufa, nyemba kapena nandolo, nsinjiro, soya pieces, usipa kapena bonya wouma. Usipa mumadya ndi minga yomwe, ndipo kasiyamu wolimbitsa mafupa ali m'mingamo. Masamba monga bonongwe, chisoso ndi nkhwani muzigula pang'onopang'ono. Nyemba zinyikeni m'madzi usiku, mawa lake zipsa msanga, makala kapena mayunitsi a magetsi atsala. Mukasonkherana atatu kapena anayi n'kumaphikira mumphika umodzi, ndalama imafika patali, komanso mnzanu akayamba kudzitsekera m'chipinda osabwera kudzadya, mumadziwa tsiku lomwelo.

Atsikana, apa mumvetsetse. Mwezi ndi mwezi mumataya magazi, ndipo ayironi akachepa m'thupi mumamva kutopa, chizungulire ndi kugunda kwa mtima, zomwe ambiri amaziyesa ulesi kapena maganizo. Nyemba, masamba obiriwira, chiwindi ndi nsomba zing'onozing'ono zimabwezeretsa. Tiyi musamwere pamodzi ndi chakudyacho chifukwa amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Dikirani ola limodzi. Gwafa, lalanje kapena mango mukatha kudya ndiye amathandiza kuti alowe bwino.

Za zakumwa zopatsa mphamvu zija mumamwa pochezera mabuku, ine sindizikonda. Kafini wa m'menemo amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lokha lichoke m'magazi. Mwamwa 10 koloko usiku, 3 koloko m'bandakucha mukungotembenuka pa matiresi, m'mawa mukufunanso botolo lina.

Chakudya sichichiza zonse ayi. Ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira apo mukungokhala okhumudwa, chilakolako cha chakudya chatheratu kapena mukudya mosadziletsa, zomwe munkazikonda sizikukusangalatsaninso, pitani ku kiliniki ya pasukulu kapena kwa mlangizi wa ophunzira mukafotokoze. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala.