Mukuphera mpikisano wanu pa makilomita 10 oyamba

Sizoni ino ndaona vuto limodzi lomwelomwelo kwa othamanga marathon amene akufuna kukwalifaya, ndipo kunena zoona landitopetsa. Munthu wachita tileningi miyezi inayi, thupi lili bwino, nsapato zabwino, kunja kwacha kozizira bwino, mfuti ingolira basi uyo watuluka ngati wathamangitsidwa. Ukamufunsa pambuyo pake akuti "ndimafuna ndisungireko masekondi poti kumapeto ndimatopa". Abale anga, kutopa kwa kumapetoko kukuchokera pa masekondi omwewo mukuti mukusungawo.

Tiyeni tiwerenge kaye chifukwa ambiri simuwerenga, mumangomva m'thupi. Nthawi yolowera ku Olympics ya ku Paris mu 2024 inali 2:08:10 kwa amuna ndi 2:26:50 kwa akazi. Mtunda ndi makilomita 42.195, ndiye mukagawa mupeza kuti mwamuna ayenera kumatha kilomita iliyonse pa 3:02, pa hafu adutse pa 64:05, mkazi kilomita pa 3:29 kuchotsako pang'ono, hafu pa 73:25. Ku World Championships ya ku Tokyo mu 2025 anaumitsanso, 2:06:30 amuna, 2:23:30 akazi, kutanthauza kuti mwamuna mphindi 3 kuchotsako pang'ono pa kilomita mpaka kukafika. Ngakhale inu osati a pamwamba kwambiri amene mukulota marathon ya ku Boston, mwamuna wa zaka 18 mpaka 34 panopa akufunika 2:55:00, imeneyo ndi 4:09 pa kilomita. Manambala amenewa sasintha chifukwa choti lero mwadzuka mukumva bwino.

Tsono taonani zimene mukuchita. Mwaganiza zothamangirako masekondi 5 pa kilomita iliyonse pa hafu yoyamba. Pa makilomita 21 mwasunga masekondi 105, mphindi imodzi ndi masekondi 45, mukudutsa pa hafu mukuyang'ana wotchi mukumwetulira. Kufika pa 32 miyendo yayamba kukana, sipidi yatsika ndi masekondi 20 pa kilomita, ndipo 20 ndikunena mokukomerani mtima chifukwa ena amatsika ndi 40 kapena mphindi yathunthu. Makilomita 10 otsalawo mwataya masekondi 200. Munasunga 105 mwabweza 200. Ameneyu ndi katapila, ndipo thupi silikhululuka ngongole.

Chifukwa chake sichovuta. Thupi limayendera zinthu ziwiri, mafuta ndi shuga amene amasungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, uja amati glycogen. Mafuta ngakhale munthu wowonda ali nawo ochuluka, koma amayaka pang'onopang'ono. Shugayo amayaka msanga koma ndi wochepa, sakwanira mtunda wonse pa liwiro la mpikisano popanda kuwonjezera m'njira. Mukangokweza sipidi pang'ono, thupi limasiya kudalira mafuta n'kumadya kwambiri shuga uja, ndiye amene amayenera kukufikitsani pa 40 watha pa 30 kapena 33. Onjezanipo kuti thupi latentha msanga, thukuta latuluka lambiri, mtima ukugunda kuposa mmene umayenera kugundira pa nthawi imeneyo, minofu ya m'ntchafu yamenyeka kale ndi tala. Palibe kulimba mtima kumene kungabweze zimenezi pakati pa msewu. Ndipo choipa n'chakuti makilomita oyamba aja amanamiza, mwapumula masabata awiri, anthu akukuwa m'mbali, magazi akuthamanga, 2:57 pa kilomita imamveka ngati 3:05. Ngati pa kilomita 8 mukumva kuti mukugwira ntchito, mwalakwitsa kale. Pamenepo muzimva ngati mukuchedwa, muzimva kuyabwa kufuna kupita, n'kudzigwira.

Pali bambo wina mlimi amene ndimamuthandizako, amathamanga mbandakucha asanapite kumunda, munthu wamphamvu zedi, mtunda wautali samauopa. Ankafuna 2:55 ija ndipo anali nayo m'miyendo, sindikukayika. Tinagwirizana hafu adutse pa 1:27 ndi masekondi angapo. Tsiku la mpikisano anaona anyamata ena ovala mayunifomu a timu akumupitirira pa kilomita yachiwiri, mtima unamuwawa, anawakakamira. Pa hafu anadutsa mphindi pafupifupi zinayi nthawi isanakwane. Ndinakamupeza cha pa 36 waima, manja pa mawondo, kumaso kwayera mchere, katumba wa mwendo wakumanzere akudumphadumpha yekha, ma jelo awiri, timapaketi ta shuga womwa mukuthamanga, akadali omangirira pa kabudula osatsegula n'komwe. Akuti "akochi, miyendo si yanga". Anamaliza ndithu, akuyenda ndi kuthamanga mosinthana, koma nthawi ija inapita kalekale. Atapuma anandiuza kuti kumunda iye sayamba mzere ndi mphamvu zonse chifukwa amadziwa kuti dzuwa likubwera, koma pa msewu anaiwala. Anyamata a yunifomu aja kaya anamaliza bwanji, mwina iwo ankafuna 2:40 ndipo inali sipidi yawo, iye sanafunse.

Nkhani ya magulu imeneyi ndiyo ikupha ambiri ngakhale apamwamba. M'mipikisano ikuluikulu muli aja olipidwa kuti akoke gulu pa liwiro loikika mpaka pa 25 kapena 30 kenako n'kutuluka, ndipo magulu amakhala angapo, lina la rekodi, lina lotsatira. Inu mukufuna 2:08 koma mwalowa gulu lodutsa pa hafu pa 62:00 chifukwa mukuchita manyazi kuoneka kumbuyo pa TV. Manyazi a chani? Amene akukokaniyo pa 30 apatuka akavale jekete, inu mutsala nokha ndi makilomita 12.

Ndikudziwa wina anena kuti nanga Kipchoge bwanji. Eya, ku Berlin mu 2022 Eliud Kipchoge anadutsa pa hafu pa 59:51 n'kumaliza 2:01:09, inali rekodi ya dziko lonse. Koma werengani bwino, hafu yachiwiri anaithamanga pa 61:18, ngakhale iyeyo anabweza pafupifupi mphindi ndi theka, munthu wothamanga makilomita oposa 200 pa sabata kwa zaka zambirimbiri ku Kaptagat ku Kenya pansi pa kochi wake Patrick Sang. Inu muli ndi zaka zimenezo m'miyendo? Mu 2018 pa msewu womwewo anathamanga hafu yoyamba pa 61:06, yachiwiri pa 60:33. Malemu Kelvin Kiptum poswa rekodi ku Chicago mu 2023 ndi 2:00:35 anayamba 60:48, hafu yachiwiri 59:47. Ku London chaka chomwecho anayamba 61:40 n'kubwera ndi 59:45. Anthu othamanga kuposa tonsefe amadzigwira poyamba, ife ochepa mphamvu ndiye tikufuna kuyamba ndi moto.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mtengo wake. Marathon si 5000 m yoti ukalephera Loweruka ubwererenso sabata yamawa. Wothamanga wapamwamba amathamanga iwiri pa chaka, akachulutsa itatu, chifukwa kukonzekera kumadya miyezi itatu kapena inayi ndipo kuchira kumafuna masabata. Nthawi yokwalifaya nayo ili ndi malire, ya ku Paris inatsekedwa pa 30 April 2024, ndipo dziko lililonse limaloledwa amuna atatu ndi akazi atatu basi. Ndiye mukawononga mpikisano umodzi chifukwa cha mphindi 30 zoyamba mwataya theka la chaka, ndalama za ulendo, mwinanso mwavulala chifukwa makilomita omaliza aja mumathamanga mokhotakhota thupi litatha. Kenako mantha amalowa, mpikisano wotsatira mumayamba mothamanganso kwambiri poopa kutopa kwa kumapeto komwe kuja.

Ndipo makochi anzanga, mlandu wina ndi wathu. Chizolowezi chakale chija choti tileningi iliyonse ikhale nkhondo, mtunda wautali wa kumapeto kwa sabata usanduke mpikisano wa ndani afike koyamba, tsiku lopumira anyamata akupikisanabe, chikutilepheretsa. Mwana wotere amadziwa masipidi awiri okha, kufa ndi kuima. Mukamuuza kuti thamanga 3:02 sakudziwa kuti 3:02 imamveka bwanji m'miyendo chifukwa sanakhalepo pa iyo kwa ola lathunthu. Enanso mpaka lero akuphunzitsa kuti kumwa pa tileningi ndi ulesi, ndiye tsiku la mpikisano mimba ikukana jelo chifukwa sinaionepo ikuthamanga. Zimenezi tisiye.

Zochita ndi zochepa, za maziko ndi masabata opumira mukuzidziwa kale sindibwereza. M'masabata 8 omaliza ikani liwiro lenileni la mpikisano mkati mwa mtunda wautali, mwachitsanzo makilomita 30 kapena 35 pomwe 15 omaliza ali pa sipidi yomwe mukufunayo, osapyola ngakhale mukumva bwino chotani. Masiku opepuka akhale opepukadi, oti muzicheza mukuthamanga. Phunzitsani mimba kulandira magalamu 60 mpaka 90 a shuga pa ola, yambani kumwa pa tebulo loyamba la madzi osati mutamva ludzu. Lembani nthawi za makilomita 5 aliwonse pa mkono, wa 2:08:10 ndi 15:11, wa 2:26:50 ndi 17:24, ndipo pa 5 yoyamba kuli bwino kuchedwa ndi masekondi 5 kusiyana ndi kufulumira nawo. Wotchi ya GPS musaikhulupirire kwambiri, pakati pa nyumba zitalizitali imasokonekera ndipo kawirikawiri imawerenga mtunda wochulukirapo, dinani batani nokha pa chikwangwani cha kilomita. Mukapezeka pa hafu mwatsalira ndi masekondi 20 musawabweze pa kilomita imodzi, agaweni sekondi imodzi imodzi mpaka kukafika pa 40.