Momwe mungakonzekeretsere ng'ombe ya mkaka kuti isagwe ikabereka

Ng'ombe imakhala ndi bere masiku pafupifupi 283, choncho tsiku lomwe yakweredwa lilembeni penapake. Pakatsala masiku 60 lekani kukama. Mkakawo ndi ndalama, inde, koma mawere amafuna kupuma.

Miyezi iwiri imeneyi isanenepe kwambiri. Nsenjere, mapesi ndi madzi okwanira, basi. Pakatsala masabata atatu yambani kuipatsa madeya pang'onopang'ono, chifukwa tizilombo togaya chakudya m'chifu chachikulu timatenga nthawi kuti tizolowere. Mukakhuthula ndowa yonse tsiku limodzi, m'mimba mumadzaza asidi ndipo ng'ombe imaleka kubzikula. Madeyawo gulani pachigayo mukangokolola, muwayanike. A mu January pa Kamwendo, kuno ku Mchinji, mtengo wake umakhala wina, komanso muyambe mwawanunkhiza, poti poizoni wa chuku amatsikira mumkaka.

Pomwe ine ndinaonera zakuda ndi pa kashiamu, mchere wa m'mafupa uja. Wavenda wina anandigulitsa ufa woyera m'pepala lopanda dzina, akuti ndi mchere wolimbitsa ng'ombe ya bere. Unali laimu wokhawokha. Ng'ombe inabereka bwinobwino, koma mawa lake inagona, khosi litapindikira kunthiti, makutu ali zii, kuyidzutsa osatheka.

Zimachitika motere. M'khosi mwa ng'ombe muli tizithokomiro ta parathyroid, totulutsa homoni imene imakoka kashiamu m'mafupa n'kumupititsa m'magazi. Ng'ombe ikamadya kashiamu wambiri isanabereke, tizithokomiroti timachita ulesi poti ntchito palibe. Kenaka mkaka woyamba uja umatapa kashiamu wambiri nthawi imodzi, homoni imachedwa kudzuka, minofu n'kufooka. Nthawi yoopsa ndi masiku atatu oyamba, makamaka kwa ng'ombe zoberekapo kangapo zamkaka wambiri. Ndiye masabata atatu omalizawo laimu ayi, masangwi a mtedza chepetsani ngakhale kuno ku Mchinji ali mbwee, poti nawonso kashiamu wake ndi wochuluka. Asungeni, mudzaipatse ikabereka. Mchere wina wotchedwa magineziyamu wokha usasowe, chifukwa popanda iwo homoniyo sigwira ntchito bwino; mchere wake gulani wolembedwa zomwe zilimo.

Ikagwa, musaimwetse kanthu ndi botolo, imalephera kumeza ndipo madziwo amalowa m'mapapo. Ikhazikeni chachifuwa, muitsamize ndi matumba a udzu, muitane alangizi a ziweto. Jakisoni wa kashiamu wa mumtsempha amabayidwa pang'onopang'ono, akathamangitsidwa mtima umaima. Yanga inadzuka tsiku lomwelo.

Zotsalazi n'zodziwika. Mwana ayamwe mkaka woyamba maola asanu ndi limodzi asanathe. Madeya onjezerani tsiku ndi tsiku. Ikamaonda msanga, mpweya wake n'kumanunkha motsekemera, ndiye kuti ikusungunula mafuta a m'thupi, chakudya chikuchepa. Pokama agalu ndi phokoso zitalikire, poti homoni yotsitsa mkaka, oxytocin, imagwira ntchito mphindi zochepa chabe, ndipo ng'ombe ikadzidzimuka mkaka umabwerera. Pakatha miyezi iwiri yambani kuiyang'anira ngati ikufuna nkhunzi, zizindikiro zake zimabwera pamasiku 21 aliwonse.