Maiki awiri ndi chingwe: mmene ndimajambulira madiramu kunyumba

Tsiku lina ndinabwereka maiki 6 n'kuika imodzi pa ng'oma iliyonse, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti lero zitheka. Nditamvetsera, mtima unandiwawa. Snare, ng'oma yaing'ono yokhala ndi mawaya kunsi kwake, inkamveka yopyapyala ngati akumenya chitini kuseri kwa khoma. Masiku ano ndimajambula ndi maiki awiri okha komanso chingwe chimene ndimachisunga m'chikwama cha ndodo, ndipo zimamveka bwino kuposa tsiku lija.

Musanayatse kompyuta, yambani mwakonza ng'omazo. Mangani zomangira za chikopa pang'onopang'ono modumphadumpha: ichi, kenako choyang'anizana nacho. Gogodani ndi chala pafupi ndi chomangira chilichonse mpaka kulira kufanane kuzungulira konse. Snare ikamalira motalika, ine ndimaika kachikwama kanga ka ndalama m'mphepete mwake, basi. M'kati mwa kick, ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi, lowetsani pilo mmodzi wongokhudza chikopa, osadzazamo zovala mpaka ng'oma kufa.

Kenako chipinda. Imani pakati n'kuwomba m'manja kamodzi. Mukamva kakulira kachitsulo kakubwerera, makoma akuponyerana mawu. Kolekani mabulangete okhuthala, imikani matiresi pakona, yalani kapeti pansi pa madiramu. Ngati denga ndi lotsika, bulangete lina lipite pamwamba. Za mathireyi a mazira ndikupemphani musataye nazo nthawi: satchinga phokoso kuti lisafike kwa aneba, ndipo amagwira moto msanga.

Tsopano chingwe chija. Njirayi amaitcha Recorderman. Maiki yoyamba ikhale pamwamba penipeni pa snare, italoza pansi, kutalika kwa ndodo ziwiri zoimbira mutazilumikiza, omwe ndi masentimita pafupifupi 80. Yachiwiri ikhale cha paphewa lakumanja la woimba madiramu, nayonso italoza snare. Matani nsonga imodzi ya chingwe ndi tepi pakati pa snare, nsonga inayo pamene kick imamenyedwa. Kokerani chingwecho m'mwamba mpaka chikhudze maiki yoyamba, n'kutsina pamenepo ndi zala. Osasiya potsinapo, yendetsani dzanja kupita kuphewa, mbali zonse ziwiri za chingwe zili zokungika. Pamene zala zafika, ndi pomwe pakhale maiki yachiwiri. Mukatero, maiki onse awiri atalikirana mofanana ndi snare komanso kick.

Kulimbikira konseku kuli ndi chifukwa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Maiki ina ikatalikira kuposa inzake, imamva kumenya komweko mochedwa pang'ono, ndipo mukaphatikiza ziwirizo, mbali zina za mawu zimafafanizana. Kusiyana kwa masentimita 17 okha kumafooketsa mawu a pa 1,000 Hz (Hz ndi muyeso wa kukwera kapena kutsika kwa liwu). Kusiyana kwa masentimita 85 kumadya cha pa 200 Hz, komwe kuli thupi la snare. Ndi zimene zinandichitikira ndi maiki 6 aja: iliyonse inkamva snare pa nthawi yakeyake.

Maiki a condenser awiri ofanana ndi abwino pa ntchitoyi, koma kumbukirani kuyatsa batani la 48V, lowapatsa magetsi, pa interface (kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta). Ngati muli ndi a dynamic okha, omwe safuna magetsiwo, monga SM57 ya Shure imene yakhalapo kuyambira 1965, jambulani ndi omwewo. Interface yolowetsa maiki awiri ndi yokwanira. Mukadzapeza yolowetsa anayi, maiki yachitatu ipite kutsogolo kwa kick. Ndiye mvetserani zonse mu mono (mawu onse ataphatikizidwa kukhala amodzi), dinani batani la polarity (lotembenuza funde la mawu) pa maiki ya kick, n'kusiya mbali imene kick ikumveka yonenepa. Musadere nkhawa kuchepa kwa maiki; katswiri wojambula nyimbo Glyn Johns ankajambula John Bonham, woimba madiramu wa gulu la Led Zeppelin, ndi maiki ochepa chomwechi.

Pa kompyuta, pulogalamu yojambulira ya Audacity ndi yaulere ndipo imagwira ntchito. Sankhani 24-bit ndi 48 kHz. Uzani woimba amenye mwamphamvu, inu mutsitse gain (mphamvu ya mawu olowa kuchokera ku maiki) mpaka kumenya kwakukulu kuzifika cha pa -12 dB pa mita yoonetsa kukula kwa mawu. Siyani mpata umenewo, chifukwa nyimbo yeniyeni ikayamba magazi amatentha, ndipo aliyense amamenya kuposa mmene amachitira poyesa.

Chimene chimavuta kwambiri n'kulankhula ndi woimbayo. Ndi maiki awiri simungadzatsitse ma cymbal (mbale zachitsulo za pa madiramu) paokha pambuyo pake, choncho manja ake ndi amene akusakaniza mawu. Ine sindikangana naye. Ndimajambula masekondi 30, n'kumuveka mahedifoni kuti adzimvere yekha mmene hi-hat, ma cymbal awiri otsekedwa ndi phazi, ikukwiririra snare. Kenako ndimamupempha kuti dzanja la ma cymbal lipepuke, la snare ndi phazi la kick zilimbe, ndipo timajambulanso masekondi 30 omwewo kuti tifananize tisanayambe nyimbo yonse.