Kagwiritsidwe Nchito ka Ufa wa Gum Arabic Wokutira Mango, Makotapela ndi Tomato

Werengani pepala lonseli musanatsegule paketi.

Mu paketi muli magalamu 100 a gum arabic, utomoni wouma wa mtengo waminga wochedwa Acacia senegal. Wambiri umacokera ku Sudan. Ndi wodyedwa, ndipo ndi womwe uja umalembedwa kuti E414 pa maswiti ndi zakumwa zina. Si mankhwala ophera tizilombo.

Cipatso cimapitiriza kupuma ngakhale mutacithyola, ndipo cimataya madzi kudzera pa khungu. N'cifukwa cake mango a m'Novembala ndi Disembala amafota ndi kufewa asanafike n'komwe ku msika wa Soweto ku Lusaka. Ufa uwu ukaumira pa khungu umasiya kacikuto kopyapyala kamene kamacepetsa kupuma ndi kutaya madzi. Cipatso cidzapsabe, koma mocedwerapo.

Kasungunulidwe: paketi imodzi pa lita imodzi ya madzi akumwa ofunda, a 40°C, oti dzanja likhoza kupirira. Thirani pang'onopang'ono uku mukutakasa, cifukwa mukakhuthula wonse pamodzi umacita mibulu ngati phala la wophunzira kuphika. Umatenga pafupifupi ola limodzi kuti usungunuke bwino. Sefani pa nsalu yoyera, ndipo dikirani madziwo azizire.

Pamene nchito imaonongekera kawirikawiri ndi posankha zipatso. Tengani zokhwima koma zosapsa: mango olimba, makotapela osafewa, tomato amene angoyamba kusintha mtundu. Zotola pansi, zong'aluka, zokhala ndi madontho akuda kapena kabowo ka nchenche zisiyeni. Kacikuto kameneka sikacotsa mphutsi imene yalowa kale, ndipo cipatso cimodzi coola cidetsa baketi yonse. Mango athyoleni ndi kamtengo kake. Mukakadula, aikeni mozondotsa kuti utomoni wake udonthere pansi, popeza ukayenderera pa khungu umatentha n'kusiya mizere yakuda imene ogula amaikana. Tsukani ndi madzi oyera ndipo ziume kotheratu. Khungu lonyowa siligwira bwino.

Viikani zipatso zonse zimire kwa mphindi 2 kapena 3. Vuulani, yalani pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, zisagundane. Zitembenuzeni kamodzi kuti mbali yapansi iumenso. Zikaleka kumata mukazikhudza, ndiye kuti zauma, mukhoza kuzilonga.

CENJEZO: Musaonjezere ufa, ndipo musaviike kawiri poganiza kuti zikhalitsa. Cikuto cikanenepa cimatsekeratu mpweya, cipatso n'kuyamba kusasa mkati. Kunja cioneka cabwinobwino, koma mukaceka mumva kafungo ka mowa, ndipo kukoma kwatha. Zoterezo sizibwereranso.

Longani m'makireti okhala ndi mipata, osati m'mapulasitiki omanga kapena m'masaka. Sungani pozizira bwino, kutali ndi nthoci zakupsa, cifukwa zimatulutsa mpweya wa ethylene umene umafulumiza zipatso zina kupsa. Mango ndi tomato osapsa musawaike pamalo ozizira kupitirira 12°C kutsika m'munsi. Firiji ya panyumba imawaononga khungu ndipo sapsanso bwino.

Masiku amene mungapindule amadalira mtundu wa cipatso, kukhwima kwake ndi kutentha kwa kwanuko: ku Luangwa sikufanana ndi ku Mbala. Ulendo woyamba patulani zipatso zocepa zosaviika, muziike pambali, kuti muone nokha kusiyana musanaviike katundu yense.

Madzi osungunula agwire nchito tsiku lomwelo. Akagona amayamba kusasa ndi kucita cuku, conco otsala tayani ndipo tsukani baketi. Paketi yosatsegula isungeni pouma, pamwamba, poti ana sangafikire. Wodya atsuke cipatso monga mwa masiku onse, ufawo umacoka ndi madzi.